Usapumire Pano

Bambo osindikiza mapepala pafupi ndi kwathu ali ndi chifuwa chosatha, zala zawo zili bii. Amakonda kunena kuti zilembo ndi ufa chabe womatidwa ndi magetsi, zimagwira zikapsa.

Tsiku lina magetsi anazima kalata ya amayi anga yokagonekedwera kuchipatala ili m'makina, basi yopita kumeneko itatsala pang'ono kunyamuka. Bambowo anaisolola pang'onopang'ono, zilembo zisanapse.

"Mwanangu, usapumire pano. Dzina la amayi ako lingauluke."

Pomwepo chifuwa chija chinawagwira. Anachimeza, misozi ili chuchuchu, mpaka akazi awo anabwera ndi simbi yamakala n'kuigadamitsa. Bambowo anayala pepalalo pamwamba pake, zilembo n'kupsa.

Atandipatsa kalatayo, anatuluka panja n'kutsokomola mpaka kugwada.