Nyimbo za Kuseri kwa Chitseko

Ansembe atandipempha kuti ndilembe za moyo wa alamu anga m'kalata ya parishi ino, poyamba ndinakana. Ine zotamanda anthu akamwalira sindizikhulupirira kwenikweni. Ndakhala pa maliro ambiri, ndipo ndamvapo anthu amene tinkabisa nkhuku tikawaona akubwera akutchulidwa kuti anali angelo. Koma ndinaganiza kuti ndikapanda kulemba ine, alemba ena amene ankawathawa pa benchi m'tchalitchi muno. Ndiye bola ndilembe ndekha, ine amene ndinakwatiwa ndi mlongo wawo, n'kuwasunga mpaka tsiku lomaliza.

Anali mwana woyamba wa kalipentala, ndipo anakula ndi chibwibwi choopsa. Amuna anga amanena kuti mchemwali wawoyo akatumidwa kugolosale ankabwerako chimanjamanja, chifukwa mawu ankamukanirira pakhosi wogulitsa n'kuyamba kuthandiza ena. Kusukulu mphunzitsi wina ankakonda kumuimiritsa kutsogolo kuti awerenge, osati pofuna kumuthandiza, koma kuti kalasi iseke. Mayi awo ndi amene anazindikira kuti mwanayo akamaimba sachita chibwibwi, ndipo anamulowetsa m'kwaya. Kumeneko lilime linamasuka. Koma kuyankhula kwawo kunakhalabe kodekha moyo wonse, moti atakhala mphunzitsi ku sekondale ana anawapatsa dzina loti Mayi Pang'onopang'ono. Iwo sanakwiye nalo. Ankangoti, "Pang'onopang'ono pomwepo, tifika."

Anakwatiwa ndi telala wofatsa amene anamwalira banja lisanapite patali, ndipo mwana sanaberekepo. Anthu anayankhula zawo, monga mukudziwa anthu. Iwo ankangodzuka m'mamawa, kupita ku Misa, kuchoka apo ulendo wa kusukulu. Loweruka ankaphunzitsa ana katekisimu, Lamulungu ankawerenga Mawu kutsogolo, ndipo ngakhale agogo ovutika kumva ankatola liwu lililonse.

Pa sukulu imene ankaphunzitsa, ana ankawagawa potengera nzeru. Amene ankakhoza bwino ankakhala m'kalasi yoyandikana ndi ofesi. Otsalira ankawaunjika m'kalasi ya kumapeto kwa khonde, ya mawindo osweka, imene aliyense, ngakhale aphunzitsi, ankaitcha Kudzala. Chaka chimene ndikufuna kunena, alamu anga anapempha okha kuti awapatse ana a Kudzala a chaka chachitatu. Aphunzitsi anzawo anayang'anana. Munthu wanzeru zake angapemphe bwanji kalasi imeneyo? Kukayikira kunayambira pomwepo.

Nkhani zinkandipeza kudzera mwa mwana wanga wamkazi, amene anali m'kalasi ya pafupi ndi ofesi. Tsiku lina akutsuka mbale anati, "Amayi, azakhali ayamba zachilendo. Nthawi yopuma akumatenga mwana mmodzi wa Kudzala, kulowa naye m'chipinda chosungira choko, n'kutseka chitseko. Mawa wina, mkuja wina."

"Ndiye akumakachitamo chiyani?"

"Kaya. Timangomva kuimba. Koma kuimba kwake kodukaduka, amayi. Ayamba, aima, abwereranso poyambira. Ukamufunsa amene watulukamo, amangoyang'ana pansi."

Ine si munthu wosunga funso m'mimba. Lamulungu tikuchokera ku Misa ndinawafunsa maso ndi maso. Anandiyang'ana mokoma mtima n'kunena kuti, "Alamu, za m'chipinda chija si zanga. Eni ake ndi anawo."

Ndinapsa mtima, chifukwa yankho lotere silitseka pakamwa pa munthu. Ena ankati akukakamiza ana kulowa mpingo wathu. Ena ankati mayi wopanda mwana akusaka ana a eni. Koma panali chinthu chimodzi chimene alamu anga, mwa kufatsa kwawo, sanachiganizire. Anasankha chipindacho chifukwa ndi chokhacho pa sukulu yonse chimene chitseko chake chinkatsekeka bwino. Koma m'chipinda chomwecho munalinso kabati imene ankasungamo mapepala a mayeso.

Kumapeto kwa chaka makolo tinaitanidwa ku msonkhano m'holo. Ahedi anayamba monga mwa masiku onse, kutikumbutsa za chaka chonse: denga la laibulale limene linakonzedwa, timu ya mpira imene inangodyedwa paliponse pamene inapita, atsikana amene anasiyira sukulu panjira. Kenako anafika pa zotsatira za mayeso, n'kuyamba kutsokomola. Anati ana a Kudzala, amene chaka chilichonse ambiri ankabwereza, akhoza pafupifupi onse. Sanakhoze m'phunziro la alamu anga lokha ayi, koma ngakhale m'masamu ndi sayansi, zimene iwo sankaphunzitsa n'komwe.

Makolo a Kudzala anayamba kuomba m'manja, koma manja anaumira m'mwamba pamene wachiwiri kwa ahedi anaimirira. Bambo ameneyu ana ankamutcha Chikwapu, ndipo dzinalo silinali longomunamizira.

"Tisanasangalale, tiyeni tifunsane," anatero. "Ana awa ndawaphunzitsa ine zaka ziwiri. Ndimawadziwa mitu yawo. Lero nzeru azitenga kuti? Dzulo ndayang'ana kabati ya mayeso. Loko ali bwinobwino, koma thabwa la kumbuyo likugwedera. Ndipo tonse tikudziwa kuti madamu athuwa ndi mwana wa kalipentala."

Holo yonse inachita phokoso. Ine ndinafuula ndili pompo kuti kabati imeneyo inayamba kugwedera Chikwapuyo asanamere ndevu, koma palibe anandimva. Ahedi anapempha bata n'kutembenukira kwa alamu anga.

"Madamu, tiuzeni. Mumachita chiyani ndi ana m'chipinda chija?"

Anaimirira atagwira buku lawo la nyimbo pachifuwa. "Ahedi, kabati sindinaigwirepo. Mulungu akundiona."

"Zimenezo tamva. Koma mumachita chiyani?"

"Timaimba."

Anthu anaseka, kuseka koipa. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Tiphunzitseniko nyimbo ya masamuyo, madamu!"

"Ngati n'kuimba kokha, chitseko mumatsekeranji?" anafunsa Chikwapu.

"Ndinalonjeza ana kuti za m'menemo zidzathera momwemo."

Ana a Kudzala anali atakhala pamzere m'mbali mwa khoma. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Mnyamata wina wamtali, wamkulu kuposa anzake onse, anatsala pang'ono kuimirira, koma alamu anga anamuyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, iye n'kukhalanso pansi. Ambiri anaziona zimenezo, ndipo aliyense anazimva mmene ankafunira.

Chikwapu anati kalasi yonse ibwereze chaka. Mayi wina anayamba kulira, akuti mwana wake akabwereza bambo ake amuchotsa sukulu. Pamapeto ahedi, amene ankangofuna kuti nkhani ithe, ananena kuti umboni weniweni palibe, choncho ana apita m'kalasi yomaliza, koma pokhapokha madamu atavomera kubweza kiyi wa chipindacho ndi kusiya kuphunzitsa makalasi a mayeso. Alamu anga sanadikire n'komwe. Anamasula kiyi pa kachingwe ka m'khosi n'kukamuika pa tebulo.

Panjira ndinawakalipira. "Alamu, mukudziwa chimene mwachita? Mwavomera mlandu!"

"Ana apita kutsogolo," anatero. "Dzina langa Mwini wake akulidziwa."

Zaka zotsatira zinali zowawa, ndipo ndizinena mosabisa, chifukwa ena mwa inu mukuwerenga pano munalipo. Kusukulu anawaika mu laibulale kuti azipukuta fumbi. Kuno ku parishi, komiti inati munthu wokayikiridwa asamaime kutsogolo, ndipo anawachotsa pa owerenga Mawu. Makolo anasiya kutumiza ana ku katekisimu yawo. Akakhala pa benchi, malo a mbali zonse ziwiri ankatsala, kupatula pamene ndinkakhala ine ndi thupi langali. Ana a Kudzala aja atakhozanso mayeso omaliza, madamu ali kutali ndi kabati iliyonse, ndinati tsopano anthu achita manyazi. Koma ayi ndithu. Anati anawo anaphunzitsidwa kubera, ndiye luso analipitiriza okha.

Alamu anga sanadandaulepo. Sanasinthe benchi, sanasinthe tchalitchi. Atachotsedwa pa kuwerenga anapempha tsache, ndipo anasesa tchalitchi chino mpaka msana unakana. Chikwapu atagonekedwa m'chipatala anapita kukamuona. Ine ndinawaperekeza, koma ndinatsala panja, chifukwa chikhristu changa sichinafike pamenepo.

Atakalamba maso anachita khungu, ndipo tinawatenga kudzakhala m'chipinda cha kuseri kwathu. Apa m'pamene panayamba kubwera alendo. Namwino, wapolisi wamkazi, wokonza mawailesi, ndi dalaivala wa lole, chimunthu chachitali chimene chinkawerama polowa pakhomo. Aliyense ankabwera payekha, kulowa, n'kutseka chitseko. Ine ndinati eya, zayambanso. Ndinauza amuna anga kuti anthu amenewa tiwayang'anitsitse, chifukwa munthu sangamayendere nkhalamba yosaona popanda chimene akufuna. Ndinafika poyang'ana ngati mashini osokera a malemu amuna awo akadalipo. Analipo.

Masana ena dalaivala uja akutuluka ndinamutsekereza pakhonde. "Bambo, mundiuze lero. Mumadzatani kuno?"

Anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola m'manja. "Timadzawawerengera Mawu, mayi. Timasinthana."

"Kuwerenga n'kofunika kutseka chitseko?"

Anaseka, koma maso ali ndi misozi. "Chizolowezi, mayi. Simukundikumbuka? Ndine uja ndinkafuna kuimirira m'holo." Anakhala pa sitepe. "Ine ndinafika chaka chachitatu ku sekondale ndisakutha kuwerenga bwinobwino. Ndinkaloweza zimene ndamva, zina kukopera kwa mnzanga, kwinako kungolota. Funso la mayeso ndikamafika kumapeto kwake ndinali nditaiwala poyambira. Tinalipo ambiri ku Kudzala, aliyense akubisa. Chaka cha m'mbuyo mwake Chikwapu anagwira mnzathu wina, n'kumuimika pamzere wa m'mawa kuti awerenge sukulu yonse ikumva. Sanabwerenso kusukulu mpaka lero. Madamu anatizindikira sabata yoyamba. Ankatsegula buku la nyimbo, kusankha nyimbo imene ukuidziwa kale pamtima, kugwira chala chako n'kumachiyendetsa pansi pa mawu uku mukuimba. Ukaphonya, mubwerere. Zitayamba kuyenda m'pamene tinalowa m'mabuku a kalasi. Masamu sanatiphunzitse ayi. Tinangoyamba kumva zimene funso likufunsa."

"Ndiye zaka zonsezi munali kuti, anthu akuwanyoza?" Ndinafunsa mokalipa, ndipo sindikupepesa.

"Sukulu yonse inkadziwa amene ankalowa m'chipinda chija. Akanangonena, tonse tikanayaluka tsiku lomwelo. Titakula tinawapempha kuti tiulule. Anati, 'Mudzanene tsiku limene sizidzakupwetekaninso, ndipo mudzayambe mwafunsana nonse. Koma musadzanene pofuna kunditsuka ine.' Ena mwa ife ana awo sadziwa mpaka pano, mayi. Wapolisi uja amaopa anzake a kuntchito."

Ndinalowa m'chipinda mwawo ndikulira. Anandigwira kumaso ndi manja awo owonda aja n'kuti, "Wakuuzani eti? Ndiye mwasenza nanu. Musatule pamsewu."

Anatisiya m'mawa wina dzuwa litangolowa pawindo, atalandira masakramenti dzulo lake. Namwino uja anali akuwawerengera Salimo, dzanja lawo lili pamwamba pa dzanja lake, likuyenda nalo pa tsamba ngakhale maso sankaona. Namwinoyo anafulumira pang'ono, iwo n'kunong'ona kuti, "Pang'onopang'ono." Atafika kumapeto kwa tsamba anaona kuti dzanja lija laleka kuyenda.

Pa Misa ya maliro dalaivala anapita kutsogolo kukawerenga. Asanatsegule buku anati, "Tafunsana tonse, ndipo tavomerezana." Ananena zonse zimene anandiuza pakhonde. Atamaliza, wapolisi uja anaimirira pamalo pake, yunifolomu ili m'thupi. Kenako namwino, kenako wokonza mawailesi, kenako ena amene sindinkawadziwa n'komwe, amuna ndi akazi a imvi zawo, ana awo akuwayang'ana modabwa. Chikwapu anali pa benchi lachiwiri ndi ndodo yake. Sanadzutse mutu mpaka Misa inatha. A komiti aja ndinawayang'ana dala, mmodzimmodzi.

Sindinena kuti alamu anga anali mngelo. Anali ouma mutu, ndipo tiyi wawo ankathira madzi ambiri. Koma anasenza manyazi a ana a eni kwa theka la moyo wawo, ndipo sanawatule pa munthu aliyense. Ambuye awalandire mu mtendere umene ife tinawamana.

Ana awo a Kudzala aja apempha kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ndipo ansembe avomera. Loweruka masana mukamadutsa mudzapeza chitseko chotseka, ndipo mudzamva kuimba kodukaduka, koyamba n'kuima n'kubwereranso poyambira. Musaime, musasuzumire pawindo, pitirirani ulendo wanu. Amene angafune kudziwa kuti walowamo ndani adzandipeza ine nditakhala pa mpando pakhomo pomwepo.