Manja a Bambo Kamwendo ndi Makutu a Nkhumba

Bambo Levison Kamwendo anabadwira kwa Kabudula, ndipo unyamata wawo wonse unathera pa esiteti ina ya fodya. Ntchito yawo inali yosungunula mankhwala ophera tizilombo ndi kuwathira pa nazale. Ankawatakasa ndi mkono m'ndowa, chifukwa magolovesi ankatuluka pa tsiku la alendo lokha. Atasiya fodya anayamba kupha nkhumba pa msika wa Nsaru, koma manja awo anali atayamba kale kunjenjemera.

Chaka chatha kunafika Mayi Febe, ogwira ntchito ku labotale ina ya mumzinda. Anafotokoza kuti khungu la khutu la nkhumba limafanana ndi la munthu, choncho amalitambasula pa kabotolo n'kudonthezerapo mankhwala, kuti aone ngati akulowa. Ankafuna makutu odulidwa nkhumba isanawaulidwe pamoto, opanda bala ngakhale laling'ono.

"Khutu la nkhumba pa galimoto, mwini wake pa kabaza!" anaseka Bambo Kamwendo.

Komatu anavomera ntchitoyo pofuna kudziwa chinthu chimodzi: ngati mankhwala aja ndiwo anawononga manja awo. Tsiku lina analimba mtima, natambasula manjawo.

"Pepani Mayi, khungu limene linamwa mankhwalawo ndi ili. Kodi simungadulepo pang'ono n'kukaliyeza?"

"Bambo, chilolezo chathu n'cha nkhumba basi. Za anthu amoyo n'za kuchipatala."

"Kuchipatala ndinapitako, akuti ndi ukalamba. Ndiye nkhumba yakufa ili ndi dokotala wake, ine ayi, eti?"

Mayi Febe anangowerama, n'kuyala makutuwo pa ayisi mosamala kwambiri.

Kunjenjemera kunakula, mpeni n'kuyamba kuphonya ndi kung'amba khungu la makutu. Mayi Febe anakana makutuwo mwaulemu, nauza Bambo Kamwendo kuti labotale izikatenga kwa wopha nkhumba wina. Mayiwo asanakwere galimoto, mkuluyo anafunsa komaliza.

"Nanga mwapeza chiyani, Mayi?"

"Amalowa ndithu, makamaka khungu likanyowa."

"Ndiye ndi omwewo anandichita chonchi?"

"Zimenezo sindinganene, Bambo. Inu sitinakuyezeni."

Lero Bambo Kamwendo sagwiranso mpeni. Lamulungu m'mawa akazi awo, Mayi Rabecca, amawamanga mabatani a malaya, ndipo akulu ampingo anzawo akafunsa chimene chikuwavuta, amayankha kuti akuti ndi ukalamba.