Dzinja Limene Ndinayanika Nyimbo za Amalume

Kansalu kofiira, kofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi. Ndiko kamene ndimayamba kukumbukira ndikaganiza za dzinja limene amalume anafika kwathu ku Chongwe kuchokera ku Joni. Ndinali mu Giredi 4, sukulu titatsekera. Kansaluko kanali kopukutira zimbale zawo za nyimbo, zakuda, zazikulu ngati chivundikiro cha ndowa, ndipo mwa ana onse a pamudzi ndine ndekha amene ndinaloledwa kukagwira. Umapukuta mozungulira, motsata timizere, osati modula. Chimbale umachinyamula m'mphepete ndi zikhatho, chala chisakhudze pakati. Ndinaphunzira tsiku limodzi. Ndinkayenda nako m'thumba la diresi ngati kuti boma landilemba ntchito.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi, wamng'ono. Anatsika minibasi pa boma ali ndi kachikwama ka zovala, bokosi la zimbale, ndi makina oimbira okulungidwa m'bulangeti. Amayi anayang'ana katunduyo nkufunsa ngati zaka zinayi zonse zija zabereka zimenezi. Iwo anangoseka. Magetsi kwathu kunalibe, ndiye anapeza batire lakale la galimoto, nkulumikiza mawaya, ndipo masana a Loweruka loyamba, pansi pa mtengo wa mango, panalira chinthu chimene tinali tisanamvepo.

Ife tinkadziwa kalindula ndi rumba za pa wailesi, ndi nyimbo za kwaya. Izi zinali zina. Ng'oma yake sinkapuma: gu, gu, gu, gu, ngati anthu awiri akusinja mumtondo umodzi. Unkaimva m'mimba isanafike m'makutu. Pamwamba pake pankatsika piyano, kenako mawu a mzimayi, aatali, odandaula, ngati a uja amayambitsa nyimbo kutchalitchi, koma kudandaula kwake kokuuza kuti dzuka. Amalume ankati dzina lake ndi hausi, ndipo ku Joni anthu amavina mpaka malaya kuwafinya.

Tinavina, abale inu. Fumbi kunalibe chifukwa cha mvula, ndiye tinkavina m'matope, mango zakugwa zikuphwanyika kumapazi, ntchentche zikutitsata. Nkhuku zinasamuka. Ana anabwera kuchokera kutsidya kwa msewu, ena atabereka makanda amene mitu yawo inkangogwedera kumbuyo. Nyimbo ina isanathe amalume anali atagwira kale chimbale china, ndipo ine ndinali pambali pawo, ndapukuta, ndikudikira, mtima ukuthamanga kuposa ng'omayo. Amayi ankati ndi phokoso la chigayo, koma ndinawaona ndi maso anga akuchapa pa beseni, chiuno chikuyankha chokha. Aphunzitsi athu, amene ankatsogoleranso kwaya, anaima ndi njinga panjira kuti atidzudzule. Anakhalitsa, phazi likugunda pansi, nkuchoka akunena kuti mzimayiyo mawu ali nawo, kungoti anasochera.

M'bokosimo munali chimbale chimodzi chopanda chithunzi. Chikuto chake chinali pepala loyera, ndipo pakati panali polembedwa ndi bolopeni, m'malembedwe a amalume. Chimenechi sankachiimba pagulu. Anandiimbira ine tsiku lina m'mawa, amayi ali kumunda, atachepetsa mawu.

"Iyi ni yanga, mayi," anatero. Ankanditcha mayi ngakhale ndinali wosafika nkomwe pachifuwa pawo. "Ninapanga neka. Ilipo imozi chabe pa ziko lonse."

Anandifotokozera kuti ku Joni ankakonza masipika m'sitolo ya munthu wina, ndipo Lamlungu mwini wake ankawalola kugwiritsa ntchito makina a ng'oma m'kachipinda kakumbuyo. Chaka chathunthu akumanga nyimbo imodzi. Mzimayi woimba m'nyimboyo anamupeza m'kwaya ya tchalitchi china. M'kati mwake anaikamo kamvekedwe ka kalimba, kakang'ono, kobwera ndi kupita, ndipo ndikakamva tsitsi linkandiyimirira. Ku Lusaka kunali bambo wina wa situdiyo amene anawauza kuti apite nacho Lachisanu loyamba la chaka chatsopano. Akachikonda, adinda zambiri ndipo awapatsa ntchito. Amayi anawauzapo kuti aikope pa kaseti, koma iwo anakana. Anati ukangoika pa kaseti, mawa uipeza pamsika, dzina lili la munthu wina.

Ndivomere pano, popeza ndayamba: Lachisanu limenelo sindinkalifuna. Ndinkawerenga masiku ngati a jakisoni. Ndadzifunsa kambirimbiri, ndili wamkulu kale, ngati zimene ndinachita zinachokera pamenepo. Ndikhulupirira kuti ayi. Koma ndine munthu amene amabwerera kawiri kukaona ngati wazimitsa mbaula, ndiye funsolo silinandisiye.

Lamlungu la sabata imeneyo mvula inagwa tili kutchalitchi, yamphepo, yolowa paliponse. Denga lathu linali ndi malo ake odziwika odontha, ndipo tinali titatcherapo mapoto, koma tsikulo linatsegula pena patsopano, pakona pamene panali bokosi. Palibe anazindikira. Lolemba m'mawa amalume anakweza batire panjinga kukalitchaja ku boma, amayi anatenga khasu kukapalira, ine ndinatsala kusesa. Nditakoka bokosi ndinamva fungo la makatoni onyowa. Zikuto zinali zitafewa, zina zitamatirana, madzi ali m'timizere.

Kwathu chinthu chikanyowa sufunsa munthu. Umachiyanika. Ufa ukachita chinyezi, pa dzuwa. Mphasa, bulangeti, nsapato, pa dzuwa. Makope akanyowa popita kusukulu, aphunzitsi ankatiuza tiwatsegule pakhonde, tiike miyala. Ndipo malo abwino kuposa onse anali malata awiri otsala pomanga khola la nkhuku, chifukwa ankatentha msanga. Tsikulo kumwamba kunali kutayera, dzuwa lija la pambuyo pa mvula limene limaluma pakhosi.

Ndinagwira ntchito mwaluso, ndikunena zoona. Chimbale chilichonse ndinachitulutsa ndi zikhatho, osakhudza pakati. Ndinazindandalika pamalata m'mizere, zikuto pazokha pa udzu. Choyera chija ndinachiika pakati penipeni, pamene dzuwa linkafika bwino, kuti chiyambe ndi icho kuuma. Zinkanyezimira ngati nthenga za khwangwala. Ndinaima patali nkuziyang'ana, ndikuona kale mmene amalume adzandinyamulire m'mwamba. Kenako anzanga anandiitana ku masewera a fulaye, ndinapita ndikudumpha.

Nditabwerera, fungo ndilo linandichingamira, ngati la pulasitiki imene yayandikira moto. Zimbale zinali zitatsata mafunde a malata. Zina zinapindika m'mphepete ngati chipewa cha mlaza. Nditagwira chimodzi chinandiotcha, ndipo chinali chofewa. Ndinaganiza kuti mwina zikazizira zibwerera. Ndinali ndikuzipepesa ndi chivundikiro cha poto pamene ndinamva belu la njinga.

Amalume sanakuwe. Anatsamiritsa njinga pamtengo bwinobwino, kuti batire lisagwe. Anayenda m'mbali mwa malata aja ngati munthu woyendera munda umene mwadutsa ng'ombe. Anatola choyeracho, nkuchikweza kumaso, nkuchitembenuza. Kenako analumikiza mawaya nkuchiika pamakina. Singano inkakwera ndi kutsika ngati ngolo pamsewu wa maenje. Ng'oma inagunda katatu nkudumpha. Mawu a mzimayi uja anatuluka akulendewera, ngati a woledzera, nkudumphanso, nkubwerera pomwepo. Ana amene anathamangira kudzavina anaseka. Inenso ndinaseka pang'ono, pofuna kuona ngati nkhope yawo ingasinthe.

Amayi atafika ndi kuona, anaponya khasu nkuthyola kanthambi ka mabulosi. Ndinali nditatseka kale maso. Amalume anawagwira dzanja.

"Ba sisi, musiyeni. Acita vamene munamupunzisa."

Mawu amenewo ndimawamvabe. Mwana wanga ali ndi zaka zitatu. Mwezi wathawu anatenga foni yanga nkuisambitsa m'beseni ndi sopo, chifukwa ndimamuuza tsiku ndi tsiku kuti chakuda chimasambitsidwa. Dzanja langa linakwera lokha. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, ndinaphunzira za kakulidwe ka ana, ndinalemba mayeso nkukhoza, koma chimene chinatsitsa dzanja limenelo si za m'mabuku. Ndinakhala pansi m'bafa nkulira, iye akundipukuta misozi ndi thovu.

Masiku atatu amalume analimbana nacho chimbale choyera chija. Anachiika pakati pa matabwa awiri, pamwamba nkusanjikapo matumba a chimanga. M'mawa uliwonse tinkachotsa matumbawo limodzi, ine ndikukoka kukona, ndipo ankachiyesa. Lachitatu chinaimba mpaka pa kalimba paja chisanadumphe, ine nkuwomba m'manja. Lachinayi anawonjezera matumba, ndipo titachitulutsa chinali ndi mng'alu kuchokera m'mphepete mpaka pa malemba a bolopeni.

Lachisanu m'mawa amayi anasita malaya awo oyera, nkuwauza kuti apitebe, akafotokoze pakamwa, mwina bamboyo akamvetsa. Iwo anafunsa kuti akamuimbira ndi chiyani, ndi milomo? Anapinda malayawo nkuwabwezera m'chikwama. Kenako anafunsa ngati pali khasu lina.

Ine ndinali pakhomo, ndipo ndinamva chinthu chimodzi chokha.

"Malume, ndiye simuyenda?"

"Siniyenda, mayi."

"Na mailo?" ndinafunsa, kutanthauza mawa lake.

"Na mailo niliko."

Ndinatuluka ngati wolumidwa ndi mavu. Ndinathamanga nyumba ndi nyumba, kudutsa msewu, mpaka kwa aphunzitsi, ndikulengeza kuti amalume sakupitanso ku Lusaka, akhala nafe, Loweruka kuli kuvina ndipo Loweruka linalo kulinso kuvina. Zimbale zinayi zinali zitapulumuka pansi pa bokosi, zimene sindinazione poyanika, ndipo kwa ine zinayi zinali zokwanira moyo wonse. Pobwerera ndinawaona kumunda, ali pambuyo pa amayi mumzere wa chimanga, atavala nsapato zawo za ku Joni, khasu likukwera ndi kutsika. Ndinawakuwira ndikugwedeza manja onse awiri. Anaweramuka, nkundikwezera dzanja. Ndinkaganiza kuti tonse awiri tapambana.