Ndinakhala Ndekha pa Siwa ya a Toivo

Lachiwiri lapitali, abale anga, ndinakhala pa siwa ndekhandekha. Panalibe wolira, panalibe woyambitsa nyimbo. Ine ndi mpando wa kukhitchini basi, m'kanjira ka m'nyumba zathu zosanjikizana kuno ku Landover, ku America.

Omwalirawo ndi a Toivo, mkulu wachizungu wa khomo loyang'anizana ndi lathu. Kwawo kunali ku Finland. Anabwera kuno ali mnyamata, n'kugwira ukalipentala mpaka maso anafooka. Akazi awo anatsogola kalekale.

Poyamba ndinkawayesa odzikonda. Ukawapatsa moni ankangogwedeza mutu, osafunsako n'komwe kuti ana adzuka bwanji. Pambuyo pake ndi pamene ndinazindikira kuti kwawoko kukhala chete pamodzi ndiye kucheza kwake.

Tsiku lina anandikodola ndi dzanja. Anali ndi mabuku awiri a nkhani imodzi, lina la m'chinenero chawo, lina la m'Chingerezi. Anandipempha kuti ndiziwawerengera la Chingerezilo Loweruka masana, ndikapuma pa ntchito yanga yoyendetsa mabwana a ku ofesi ya kazembe. Ine ndikamawerenga, iwo ankangofumbata la kwawolo, osalitsekula.

Wolemba bukulo, malinga ndi a Toivo, anali mwana wa alimi osauka, olima munda wa eni. Anapita ku sukulu m'tauni, koma tauni inamukana. Anabwerera kumudzi wamanyazi, anthu akumuloza zala. Ndipo m'manyazi momwemo anayamba kulemba. Sanalembe za mafumu kapena za akuluakulu a boma ayi. Analemba za aganyu, za atsikana okama ng'ombe za eni, za chaka chimene chisanu chinapsereza mbewu anthu n'kumasakaniza makungwa a mitengo mu ufa.

Ndikunena zoona, ndinkawerenga za Azungu a kudziko la chipale chofewa koma m'maso mwanga munkabwera anthu a kwathu ku Dowa. Ndinkaona amalume akupita ku ganyu ndi khasu lakutha. Tsiku lina ndinalekeza kuwerenga pakati pa tsamba. A Toivo anangondithirira khofi wina.

Iwonso sankamvetsera nkhani yokha. Ankamvetsera mudzi wawo. Anandiuza kamodzi kuti bambo awo anali ngati anthu a m'bukumo, ndipo kuti wolembayo akanapanda kulemba, palibe akanadziwa kuti anthu otero anakhalako.

Tinatsala ndi mutu umodzi kuti timalize.

Lachiwiri m'mawa woyang'anira nyumba zathu anandiimitsa pa masitepe. Anati mkulu uja anagwa m'sitolo Lamlungu, ndipo anathera kuchipatala. Ananena ngati akundiuza kuti madzi atseka mawa.

Ndiye mukanakhala inu mukanatani? Ine ndinachita chimene ndinaphunzira ndili mwana. Ndinaimba foni kuntchito kuti kwagwa zovuta. Ndinavala jekete, n'kunyamula mpando, n'kukakhala pakhomo pawo. Mayi a kunyumba anali atapita kale kuntchito, ana kusukulu. Mumtima ndinkati abale ndi anzawo akamafika asapeze pakhomo pali zii, ngati wafa ndi galu.

Anthu ankadutsa ndithu. Mayi wina anandilambalala atakumbatira chikwama chake. Wina anandifunsa ngati ndataya makiyi. Dzuwa litapendeka woyang'anira uja anabwera, nkhope ili gwa, n'kunena kuti anthu akudandaula kuti pali munthu wokayikitsa m'kanjira. Ndinamufotokozera kuti ndikukhuza maliro. Anayang'ana chitseko chokhoma, anayang'ana ine, n'kundiuza mwaulemu kuti m'nyumbamo mulibe aliyense.

Ngati kuti sindinkadziwa!

Sindinapse mtima. Ndinangomva chisoni, chisoni chenicheni. Ndinanyamula mpando wanga n'kulowa m'nyumba.

Kwathu timati maliro n'kulirana. Munthu ngakhale anali wovuta chotani, anthu amasiya makasu n'kubwera. Kuno imfa ili ndi akatswiri ake. Amabwera ndi galimoto, amatenga, amakonza, mawa lake pakhomo pali mwakale. N'zaukhondo, sindikana. Koma kodi munthu wokhala pamalo zaka zonsezo achoke osasiya ngakhale phokoso?

Ndipo tisanamizane, ifenso tayamba kuzolowera. Timakumana pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, kujambulitsa zithunzi, kulonjezana kuti tidzayenderana. Wina ali ku Fairfax, wina kuno, aliyense ndi mashifiti ake. Ndi liti munagogoda pakhomo pa mnzanu popanda kuyamba mwaimba foni?

Lachinayi kunabwera mwana wawo wamkazi kuchokera kutali, mayi wa imvi kale, atanyamula makatoni. Anati mtembo anautentha dzulo lake, monga bambo ake ananenera. Woyang'anira anali atamuuza za mpando uja, ndiye anandifunsa kuti ndinkadikira chiyani.

"Kwathu munthu sapita yekha," ndinatero. "Pamafunika wina akhale pansi."

Mayiyo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mabuku awiri aja, n'kundipatsa. Ndinati la m'chinenero chawolo asunge, ndi chuma cha banja. Anapukusa mutu.

"Ndimamva pang'ono akamalankhula," anatero, "koma kuwerenga sinditha. Ndinkawayankha m'Chingerezi."

Abale anga, mawu amenewo anandilasa. Madzulo ake ndinaitana mwana wanga wamkazi kuti adzaone mabukuwo. Ndinamuitana m'Chichewa. Anamva bwinobwino, anabwera msanga, mwana waulemu. Koma anandiyankha m'Chingerezi.

A Toivo anali ndi mwayi umodzi. Mnyamata wina wa kwawo anabwerera kumudzi n'kulemba anthu ake, ndiye ngakhale pa ukalamba m'dziko la eni, anali ndi mudzi wofumbata m'manja. Nanga amalume anga a khasu lakutha aja, adzawalemba ndani? Ife ophunzirafe tili kuno, tikuyendetsa magalimoto ndi kulemba malipoti a eni.

Mutu wotsala uja sindinauwerengebe. Sindikudziwa kuti ndiwerengere ndani.

Mpando ndaubwezera kukhitchini. Koma ndikamaudutsa ndimadzifunsa: tsiku langa likadzafika kuno ku Landover, ndani mwa inu adzaunyamule n'kukhala pakhomo panga, mpaka woyang'anira adzamuthamangitse?