Ndowa ya Amalume

Mdzukulu wanga akamatentha mapesi kumunda, utsiwo umandibwezera kutchalitchi, ndili kamtsikana. Tsiku lina akatekisi anatiuza kuti wofa wosabatizidwa amakapsa kumoto wosazima, ndiponso kuti munthu akatsala pang'ono kufa, aliyense angathe kumubatiza. Ine mtima unathawira kwa amalume, a kugule, omwe anali gone pamphasa, chifuwa chitawapanikiza.

Sindinadikire nyimbo yotsekera. Ndinati moto waukulu choncho timadontho sitingauzimitse, ndiye ndinatunga ndowa yodzaza. Inali nyengo yachisanu, madzi oluma mano. Ndinawakhuthulira kumutu, khwaa!

"Pa dzina la Atate!"

"Mfiti yamwana iwe!" anadzambatuka akunjenjemera. "Ukufuna undiphe?"

"Ayi amalume, ndikukuzimitsirani moto."

Amayi anandikwapula mpaka nthyole kuduka. Akatekisi anati ubatizo wokakamiza suwerengedwa. Amalume anachira, koma atamwalira patapita zaka anaikidwa ndi zilombo zawo, popanda mtanda.

Anene zonenazo. Ine ndakalamba, ndatsala pang'ono kukadzionera ndekha. Ndikakapeza kuti amalume kumwambako kulibe, Mulungu akandiyankhe, chifukwa madzi ndinathira ndine.