Anti Aaa ndi Supuni Yoyamba

Pa sukulu ya mkaka ya kuseri kwa msika panali mayi wodyetsa ana amene aliyense ankawatchula Anti Aaa. Dzinali analipezera pantchito, chifukwa tsiku lonse ankangoyasama, "Aaa," supuni ili m'manja, kuti ana nawonso ayasame.

Anti Aaa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti iwo sadya. Madzulo mwana wawo wamkazi akafunsa kuti, "Amayi, mwadya?" yankho linali lomwelo: "Ndidye nthawi yanji ine?" Ndipo sankanama, pakuti panali patapita zaka asanakhale pansi ndi mbale yawoyawo.

Ndiye ludzu losatha ndi chifunga m'maso zitawapititsa kuchipatala, namwino n'kuwauza kuti shuga wakwera, mutu unaima.

"Muzidya katatu patsiku, Mayi," anatero namwino. "Zotolatola zapakatipakatizi musiye, apo ayi maso mutaya."

"Zotolatola zitinso? Inetu olo kamodzi sindidya!"

Anatuluka asakudziwa ngati auzidwa kuwonjezera kapena kuchepetsa.

M'mawa mwake anayamba kulilonda dzanja lawo, ndipo analigwira likuba. Supuni yoyamba ya phala la mwana aliyense inkalowa m'kamwa mwawo, yoonera ngati lazizira. Kenako nthochi yolumidwa kamodzi, chibenthu cha bisiketi, makoko a buledi amene ana amakana, poti kutaya chakudya n'tchimo. Koma abale, kumeneko n'kudya? Kwa iwo inali ntchito, ngati kusesa.

Anatseka pakamwa, n'kuleka kulawa za ana. Ana enawo analibe nazo ntchito, kupatula kamtsikana kowonda kotchedwa Kachingwe, kamene sikankalawa kanthu Anti asanayambe. Kanawalozetsa supuni. "Aaa."

Anti anatafuna mphepo mwaluso ndithu.

"Simunameze," kanatero, n'kukankha mbale.

Chakudya cha Kachingwe chinayamba kubwerera kunyumba chosakhudzidwa, ndipo mayi ake anayamba kufunsa mafunso pageti. Anti anagwidwa ndi mantha enieni. Akameza, maso apita. Akapanda kumeza, mwana wa eni atheratu ali m'manja mwawo. Namwino uja sananenepo kanthu za Kachingwe.

Tsiku lina masana, atasowa pogwira, anapakula mbale yawo n'kukhala pa kampando ka ana, mawondo m'chibwano. Ana anafa nazo kuseka. Kachingwe kanabwera ndi supuni yake ngati kale.

"Ayi, mama," anatero Anti. "Iwe yako, ine yanga. Tiyeni, aaa."

Kamwanako kanawayang'anitsitsa pakhosi mpaka kataona kuti chatsikadi, ndiye nako kanameza. Makoko a buledi tsikulo anapita kwa nkhuku za mlonda, ngakhale dzanja lija linayesabe kulowera kwakale.

Madzulo mwana wawo anafunsa ali pakhomo, "Amayi, mwadya?"

Anti anayasama kuti ayankhe zija za masiku onse, koma anakumbukira mbale ija.

"Ndadya," anatero pang'onopang'ono, akudzidabwa okha. "Mpunga wa nyemba. Ndinakhala pansinso, mwanangu."