Jekete la a Lighton ndi Matimati a mu Juni

A Lighton Mbewe a ku Chifubu anabadwira m'tauni, nakulira m'tauni, ndipo khasu ankangoliona m'manja mwa anthu ena. Anali kalaliki pa kampani ina yogulitsa zitsulo kumigodi, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka. Migodi itayamba kugulitsidwa, kampaniyo inatseka, iwo n'kutsala ndi mulu wa mashati, matayi, ndi jekete limodzi labuluu. Jeketelo analikuta m'pulasitiki kuseri kwa chitseko, kudikira tsiku limene eni atsopano a migodi adzawaitane. Mwana akayetsemulira pafupi nalo, unali mlandu.

Koma mimba sidziwa kudikira. Akazi awo, a Damaris, anawapezera kadimba kudambo kudzera mwa amayi anzawo a ku tchalitchi cha Reformed.

Mu Juni anthu akudambo anali kalikiliki kuunjika manyowa, kukonza ngalande, kubzala repu ndi kabichi zimene siziopa mphepo. A Lighton anaima pachulu, manja kumbuyo ngati manijala, kulinganiza za chaka.

"Aliyense akakhala ndi repu, wanga adzagula ndani? Ine ndifesa matimati."

"Atate ake Zipporah, kunsi kuno chisanu chimawaula mbewu," anatero a Damaris. "Mukafesa, muzivundikira nazale ndi udzu ngati anzanu."

"Udzu? Ndi njira yachikale imeneyo."

Chikale chanji! Bambowa ankangoopa njoka basi. M'malo mwa udzu anazika timitengo, namayalapo mashati a ku ofesi madzulo alionse, n'kuwamanga ndi matayi. Odutsa ankaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere kudimba kwa a Mbewe kuli msonkhano wa mabwana.

Julaye atalowa, mphepo inakula mano. Mashati anali atatha, ndipo mbande za pangodya imene inatsala poyera zinayamba kuda. Tsiku limenelo a Damaris anamva pulasitiki ikulira kuseri kwa chitseko. Sanafunse. Amuna awo anatuluka atakumbatira jekete, nkhope ili ngati yopita kumaliro, ndipo zinawapwetekadi mumtima.

Patapita masiku, dzuwa litapendeka, kudimba kunatulukira a Cyril a kudera la Pamodzi, amene ankagwira nawo ntchito kale, akudumphadumpha kuzemba matope.

"Mwabombeni, ba Lighton!" anapereka moni m'chilankhulo chosakaniza cha kumigodi. "Eni atsopano afuna makalaliki. Malo ni yang'ono, anthu ni mbwee, koma mailo kuseni, mawa m'mawa ndithu, tikaimilire pa geti. Chapani jekete lelo, mulisite bwino. Lili kuti?"

A Lighton analoza ndi mlomo. Jekete linali litatambasula manja pa timitengo, litasuluka, mbalame itasainira paphewa.

Anayang'ana kumwamba: kunali mbee, kopanda kamtambo, mtundu wa usiku umene chisanu sichiphonya. Akalitenga kukachapa, mawa akapeza mbande zitapserera. Akalisiya, pageti paja sangaime ndi shati lokha, nalonso lonunkha manyowa.

Anagwada, nakweza kolala pang'ono. Pansi pake mbande zinali biriwiri, zitaima njo, zawozawo, zoti palibe angawalembere kalata kuti azisiye. Anabweza kolala ija, natsendera m'mbali ndi miyala monga mmene amafunditsira mwana.

"Pitani nokha, a Cyril," anatero. "Ili layamba kale ntchito. Ndipo kuno sachotsa munthu."